Chifukwa chiyani aphunzitsi a masamu akuti "ingovomerezani"?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene amathandiza mwana wake wamkazi ntchito ya kusukulu madzulo. Mwanayo ali Fomu 2, ndipo m'kope mwake munalembedwa mfundo zinayi za geometry, masamu a mizere ndi maonekedwe a zinthu. Pa mapointi awiri pamadutsa mzere wowongoka umodzi wokha. Pa mapointi atatu amene sali pamzere umodzi pamadutsa plane (malo athyathyathya) imodzi yokha. Mzere ukakhala ndi mapointi awiri pa plane, ndiye kuti wonse wagona pa plane imeneyo. Ma plane awiri akakumana, amakumana pa mzere wowongoka. Mayiwo anafunsa kuti: "Aphunzitsi ake akuti amenewa ndi ma postulate, safuna umboni, angovomereza. Ine ndimadziwa kuti masamu amafuna umboni pa chilichonse. Kodi sakungothawa funso?"

Mayi, zikomo kwambiri. Funso lanuli landikhudza, chifukwa ana ambiri amayamba kudana ndi geometry pamalo omwewa, pomwe akuona ngati auzidwa kuti atseke pakamwa. Aphunzitsiwo sakuthawa funso ayi. Anena zoona, kungoti nthawi ya m'kalasi ndi yochepa ndipo chifukwa chake chinatsala.

Tiyambire kukhitchini kwanu. Mukafuna kuteleka poto pamoto wa nkhuni, mumaika mafuwa angati? Atatu. Awiri sangagwire, poto agwera mbali imodzi. Mukaika anayi, kawirikawiri poto amakhala pa atatu okha, lachinayi limangotsala m'munsi osakhudza, ndipo mukamavundula nsima amagwedera uku ndi uku. Atatu aja akaikidwa mondandana pamzere umodzi, palibenso chomwe mwachita, ali ngati awiri basi. Imeneyi ndiyo mfundo yachiwiri ya m'kope mwa mwana wanu. Pansi pa poto pathyathyathya ndi kachidutswa ka chimene a masamu amachitcha plane, malo osalala opanda chitunda kapena dzenje, amene m'maganizo amapitirira mbali zonse osatha. Nsonga za mafuwa ndiwo mapointi atatu. Muonetsetse chinthu chimodzi apa: fuwa limodzi likakhala lalifupi, poto amapendekeka koma sagwedera. Mfundoyi sikunena kuti plane ikhala yoima bwino ngati yoyeza ndi levulo, ikungonena kuti ilipo imodzi yokha, palibe ina yoti poto asamukireko. Ndi chifukwa chomwechi kampando ka miyendo itatu kamakhazikika pabwalo lililonse, pamene tebulo la miyendo inayi timachita kulipanikizira kapepala kopinda kunsi kwa mwendo umodzi.

Mfundo yoyamba aliyense amene anakonzapo mizere m'munda amaidziwa. Mumakhoma chikhomo uku, china uko, n'kukoka chingwe mpaka kulimba. Chingwe cholimbacho chili ndi njira imodzi yokha. Mmisiri womanga nyumba amachita zomwezo pa mzere uliwonse wa njerwa. Ya chitatu mudzaiona kwa kalipentala akagoneka rula pathabwa lomwe wapala: nsonga ziwiri za rula zikakhudza koma pakati n'kuoneka kuwala, amadziwa kuti thabwalo lili ndi dzenje, silinafike pokhala plane. Yachinayi ili pakona ya chipinda chanu, pomwe zipupa ziwiri zakumana n'kupanga mzere wotsika kuchoka kudenga kufika pansi.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda kuposa zonse ndi chitseko. Mahinji awiri ndi mapointi awiri, amapanga mzere umodzi. Chitseko chimazungulira pa mzerewo, ndipo paliponse pamene mwachiimika chapanga plane ina. Ndiye kuti pa mzere umodzi pamadutsa ma plane osawerengeka. Mukangotseka loko, mwawonjezera pointi yachitatu imene sili pamzere wa mahinji, ndipo chitseko chaima nji.

Tsono mwina mukuti, ngati zonsezi zikuoneka ndi maso, si umboni womwewo? Ayi, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Chingwe chili ndi kunenepa kwake, kadontho ka pensulo kali ndi kukula kwake ngakhale katachepa bwanji. Pointi ya masamu ilibe kukula, ndi malo chabe. Mzere ulibe m'lifupi. Zinthu zimenezi palibe anazigwirapo m'manja, choncho mafuwa ndi chingwe zimangotithandiza kukhulupirira, sizitsimikiza.

Nanga umboni wa masamu umayenda bwanji? Umati, ichi n'choona chifukwa cha icho chimene tinatsimikiza kale. Icho nacho chimatsamira pa china cha m'mbuyo. Mayi, mukudziwa mmene mwana wa zaka 4 amafunsira "chifukwa chiyani" pa yankho lililonse mpaka mawu kukutherani. M'masamu zilinso choncho. Mukamabwerera m'mbuyo, mwina mupita osafika, mwina muzungulira n'kutsimikiza chinthu pogwiritsa ntchito icho chomwe, chimene ndi chinyengo. Njira yachilungamo yatsala imodzi: kuima penapake n'kunena poyera kuti, izi ndi zimene tavomereza popanda umboni, ndi zochepa, nazi ziwerengeni, china chilichonse tichitsimikiza kuchokera pa izi. Amenewo ndiwo ma postulate.

Amene anayala bwino njira imeneyi ndi Euclid, yemwe ankaphunzitsa ku Alexandria, ku Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Ntchito yake yotchedwa Elements ili ndi mabuku 13, ndipo anaiyamba ndi ma postulate 5: kuti ungathe kujambula mzere wowongoka kuchoka pa pointi iliyonse kufika pa ina, kuti mzerewo ungautalikitse mmene ungafunire, kuti ungajambule seko pa pointi iliyonse ndi kukula kulikonse, kuti makona onse a madigiri 90 ndi ofanana, ndi yachisanu yokhudza mizere yoyenda limodzi osakumana. Mwaona kuti za ma plane mulibe pamndandandawu. Euclid anazisiya mpaka buku la 11, n'kuyesa kuzitsimikiza, koma umboni wake unali ndi mipata. Mu 1899 katswiri wa ku Germany, David Hilbert, anayalanso maziko onse mwatsopano, n'kuika mfundo za ma plane pakati pa zimene timavomereza poyamba. Anasiyanso dala kutanthauzira pointi, mzere ndi plane, poona kuti chofunika ndi mmene zitatuzi zimakhalirana. Zimene zili m'kope mwa mwana wanu zatsatira kwambiri njira ya Hilbert.

Koma musaganize kuti anthu anangovomera mwakachetechete. Postulate yachisanu ija inasowetsa akatswiri mtendere kwa zaka zoposa 2,000. M'mawu osavuta imati: mukakhala ndi mzere ndi pointi imene sili pamzerewo, pa plane yomweyo pali mzere umodzi wokha wodutsa pa pointiyo umene sudzakumana ndi woyambawo. Ambiri ankaona kuti ndi yaitali kwambiri, iyenera kukhala ndi umboni wochokera pa zinayi zija. Anayesa Agiriki, anayesa akatswiri olemba m'Chiarabu, anayesa a ku Ulaya, onse analephera. Kenako Nikolai Lobachevsky wa ku Russia mu 1829, ndi János Bolyai wa ku Hungary mu 1832, aliyense payekha, anachita chinthu cholimba mtima. Anaichotsa mfundoyo, n'kuika ina yonena kuti mizere yotere ilipo yambiri. Anthu ankayembekezera kuti zonse zigwa, koma panatuluka geometry ina yosadzitsutsa paliponse. Mu 1854 Bernhard Riemann anapita nazo patsogolo, ndipo masamu akewo ndi amene Albert Einstein anagwiritsa ntchito mu 1915 pofotokoza mphamvu yokoka zinthu.

Choncho mwana wanu akafunsa kuti "bwanji nditakana postulate imodzi?", musamuletse. Wafunsa funso lomwelo limene linatsegula geometry yatsopano. Pamayeso ayankhe za pa plane monga aphunzitsi anenera, chifukwa papepala, pathabwa ndi pamaziko a nyumba mfundo zinayi zija zimagwira ntchito bwinobwino. Koma kunyumba mumupatse lalanje ndi cholembera. Aike kadontho pomwe panali phesi ndi kena kunsi kwenikweni, kenako ajambule njira yachidule kuchoka pa kamodzi kufika pa kanzake. Apeza kuti njira zake ndi zambirimbiri, zonse zotalika mofanana, pamene pathyathyathya ikanakhala imodzi. Akatero azungulitse mzere pamimba pa lalanje, atsitse mizere iwiri kuchoka paphesi yopanga kona ya madigiri 90, mpaka ifike pamzere wapamimbawo. Yapangika thirayango yokhala ndi makona atatu a madigiri 90. Awonkhetse yekha, ndipo mawa lake akawafunse aphunzitsi ake chifukwa chimene wapezera 270 m'malo mwa 180 amene amapezeka pa thirayango ya papepala.