Funsani Tiyankhe: Kugula m'masitolo akuluakulu a ku London

Funso: Mwezi wa mawa ndikupita ku London kukaona mwana wanga. Ndimakonda kuzungulira m'masitolo n'kumaona zimene eni dziko amadya. Ndisamale ndi chiyani, nanga ufa wa nsima ndikaupeza? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Amayi, ufa mukaupeza, koma chenjerani ndi dzina. Paketi yolembedwa cornflour si ufa wa nsima ayi. Umenewo ndi wolimbitsira msuzi, ndipo mukati muphikire nsima mungopeza zonanda ngati ulimbo. Funani yolembedwa maize meal, monga Iwisa kapena White Star ya ku South Africa. Imapezeka m'timasitolo ta anthu a ku Africa m'madera a Peckham ndi Brixton mu London momwemo, nthawi zinanso pa shelefu ya zakudya za maiko ena m'masitolo akuluakulu a Tesco kapena Asda.

Pa mitengo, musathamangire mtengo wolembedwa m'manambala akuluakulu pa shelefu. Pansi pake pamakhala kanambala kosonyeza mtengo wa kilogalamu imodzi kapena magalamu 100. Kameneko ndi kamene kamakuuzani paketi yotchipa. Mu Tesco katundu wina amakhala ndi mitengo iwiri, wotsikawo ndi wa okhala ndi Clubcard (khadi la makasitomala a Tesco) basi, choncho mubwereke ya mwana wanu. Madzulo yang'anani zomata zachikasu pa buledi ndi nyama, ndiye kuti zatsitsidwa mtengo. Koma werengani deti. Chakudya cholembedwa use by musadye tsikulo likadutsa, pomwe best before ikutanthauza kuti chingochepa kukoma.

Tengani chikwama chanu, chifukwa jumbo amagulitsa, osachepera 10p imodzi. Masitolo ambiri tolole yake imafuna ndalama yachitsulo ya £1 kuti imasuke, ndipo ndalamayo imabwerera mukabweza tololeyo pamalo pake.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi makina odzilipirira wekha. Malo oikapo katundu amakhala ndi sikelo, ndiye mukaikapo chikwama cha m'manja kapena chinthu chimene simunachionetse ku makinawo, amaima mpaka wantchito abwere. Onetsani chimodzi, ikani, kenako china. Ngati simukuzifuna, pitani pa thilo pamene pali munthu.

Lamulungu musachedwe kutchalitchi. Lamulo la 1994 limalola masitolo aakulu ku England kutsegula maola 6 okha pa tsikuli, ndipo ambiri amatseka 4 kapena 5 koloko madzulo.