Aphunzitsi, tchati cha mitunducho chichotseni

Mayi wina wophunzitsa ana a nazale wanditumizira imelo. Akufuna ana azionetsa zakumtima kwawo ndi penti wamadzi, ndipo wapachika kale tchati: kufiira ndi mkwiyo, buluu ndi chisoni, chikasu ndi chimwemwe. Akufunsa poyambira.

Aphunzitsi, mwandiponda pachilonda. Tchaticho chitsike.

Ndili sitandade 3 tinali ndi aphunzitsi amene ankachonga zojambula ndi cholembera chofiira, osasiyanitsa ndi masamu. Dzuwa likhale pakona, nyumba mawindo awiri, mtengo wobiriwira. Mnzanga wina anajambula mayi ake atatalika kuposa nyumba. Anamuimika kutsogolo, kalasi yonse n'kumuseka. Komatu mayi akewo ndiwo ankalima, kugulitsa zitumbuwa ndi kusamala zonse pakhomopo. Mwanayo sananame. Kuyambira tsikulo tonse tinkajambula zokondweretsa aphunzitsi, ndipo lero akuluakulu ambiri ukawapatsa burashi amati, "Ine ndiye sinditha." Anawauza ndani? Tchati chanucho chidzachita zomwezo. Mwana wochenjera adzapenta chikasu chifukwa waona kuti chikasu chimakumwetulitsani.

Ndiye pali mwana wa achemwali anga. Agogo ake atamwalira, anapenta pepala lonse bii. Azakhali ake anayamba kunong'onezana zopita naye kwa abusa. Nditamufunsa anati, "Ndi usiku, magetsi athima, agogo akutisimbira nthano." Chinali chithunzi cha nthawi imene ankaikonda kwambiri! Choncho zomasulira mitundu ngati maloto, ine toto. Ngakhale anthu a padziko sagwirizana: ku China akwatibwi amavala zofiira, Ahindu ku India amavala zoyera pamaliro. Nanga ndi mwana wa zaka zinayi amene angatsatire lamulo lathu?

Chimene ndimakondera penti wamadzi n'chakuti samvera munthu. Ndi utoto wosakaniza ndi madzi omata a mitengo ya mtundu wa mthethe, otchedwa gum arabic, amene ambiri amachokera ku Sudan. Madzi akachuluka, utoto umayenderera kumene wafuna. Mwana wina amaseka, wina amakwiya n'kukwinya pepala, wina amangoti duu kuyang'ana. Zakumtima mukuzifunazo zili pamenepo, m'manja ndi pankhope. Masukulu a Waldorf, amene anayamba ku Stuttgart mu 1919 potsatira maganizo a katswiri wina wa ku Austria, Rudolf Steiner, amanyowetsa kaye pepala n'kupatsa ana aang'ono mtundu umodzi kapena iwiri, popanda mizere yoti adzazemo. Zambiri za Steiner sindigwirizana nazo, koma apapa anakhoza.

Za pepala nazonso zimandipweteka. La m'kope likanyowa limakwinyika n'kubooka, mwana n'kumadziona wolephera pamene vuto ndi lathu. La akatswiri, lokhuthala kwambiri, ndi lodula. Manila amathandiza ndithu. Penti akasowa musadandaule: chidede chowiritsa, chikasu chakukhitchini, tiyi wothithikana, katondo ndi makala osinja zimapenta. Amayi kumudzi akhala akukongoletsa zipupa ndi dothi lamitundumitundu osagula kanthu.

Nanga muyambire pati?

Nyowetsani pepala ndi siponji, ana adonthezepo utoto aone mmene ukufalikira. Tsiku lina alembe ndi kandulo yoyera chinthu chimene sakufuna kunena, kenako apente pamwamba. Phula limakana madzi, chobisikacho chimatulukira. Wazani mchere pepala likadali lonyezimira ndi madzi, umayamwa madziwo n'kusiya timaanga. Apatseninso kapaipi komwera auzire dontho la utoto. Okwiya amakakonda kameneka. Mitundu itatu yakwana, ikachuluka zonse zimathera m'thope.

Akamaliza musafunse kuti "ichi n'chiyani?" Nenani, "Tandiuza za chithunzi chakochi," ndipo akakana musiyeni. Koma akatchula ndi pakamwa pake zomenyedwa kapena kugwiridwa mosayenera, musazengereze: ku Malawi nambala yothandiza ana ndi 116, ndipo ndi yaulere.