Kwa mayi wa ku Chibavi amene akufuna kuphunzitsira mwana wake pakhomo

Mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, wandilembera pa imelo kufunsa zipangizo zimene ayenera kugula kuti aziphunzitsira kunyumba mwana wake wa zaka 7, amene mphumu imamugwetsa kawirikawiri moti chaka chatha anajomba kusukulu pafupifupi teremu yathunthu. Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa yandibwezera ku nthawi imene inenso ndinasowa pogwira ndi funso lomweli.

Pamene sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wanga wamkazi anali mu Sitandade 2, ndipo anali atangoyamba kulumikiza maphatikizo kuti apange mawu. Ndinagwidwa ndi mantha kuti zonse zimene anaphunzira zimuthawa. Ndinatsikira m'tauni, ndinagula tabuleti ya ana pamodzi ndi mabuku atatu okongola ochokera kunja amene ndinawapeza pa kaunjika, ndipo ndalama imene ndinatulutsa tsiku limenelo ikanatidyetsa mwezi wonse. Sipanathe milungu iwiri ndisanaone kuti ndataya ndalama. Masamu a m'mabuku aja anali a madola ndi masenti, zithunzi zake zinali za zipatso ndi nyengo zimene mwanayo sanazionepo, kotero kuti ndinkatha nthawi yaitali kufotokoza chithunzi m'malo mophunzitsa nambala. Tabuleti nayo inkagwira ntchito pokhapokha magetsi akakhalapo ndiponso bandulo isanathe, ndipo mwana ankangoifunira timasewera.

Amene anandipulumutsa ndi agogo ena oyandikana nawo nyumba kuno ku Katoto, mphunzitsi wopuma pantchito. Atandiona ndikulimbana ndi mwana pakhonde m'mawa wina wa nkhungu, anati, "Mwanangu, ikani zimenezo pambali, mundipatse machesi ndi ulusi." Anamanga timitengo ta machesi khumikhumi, anaika mitolo itatu pamkeka ndi timitengo tiwiri pambali, kenako anauza mwanayo kuti pa 32 achotsepo 7. Mwanayo anatenga tiwiri tija, anaima kaye, ndipo payekha anamasula mtolo umodzi kuti apezemo tisanu totsala. Kubwereka kumene ndinalephera kumufotokozera kwa masiku anayi anakumvetsa ndi zala zake zozizidwa tiyi asanapse. Agogowo anandiuza kuti aphunzitsi amaitcha njira imeneyi TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo.

Kuyambira pamenepo maganizo anga anasintha, ndipo lero ndikunena mosabisa kuti makolo ambiri timanyengedwa ndi zinthu zonyezimira. Timaganiza kuti chimene chadula ndicho chimaphunzitsa, pamene mwana wa zaka 7 amafuna zinthu zoti azigwira, munthu woti amumvetsere akamawerenga mokweza, ndi nthawi yosasinthasintha tsiku lililonse. Ndikukana kwamtuwagalu kuti buku lolembedwera mwana wa ku London lingakhale maziko a mwana amene tsiku lina adzalemba mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB pomaliza Sitandade 8. Silabasi yathu ndi mabuku ake amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo ngati mukufuna kuti mwana adzabwerere m'kalasi akapeza bwino osatsalira anzake, mabuku amenewo ndiwo muyenera kutsata. Buku la mphunzitsi ndi lofunika kuposa la mwana, chifukwa limakuuzani choyambira, chotsatira, ndi mafunso oyesera ngati phunziro lalowa.

Palinso nkhani ya chilankhulo imene ife a kuno ku Mzuzu sitiyenera kuilambalala. Ana athu ambiri amalankhula Chichewa ndi Chitumbuka m'nyumba ndiponso akatuluka kukasewera, ndipo kusukulu amakumana ndi Chingelezi. Ena amaliona ngati vuto, koma ine ndinaona kuti mwana wanga ankagwira msanga mawu atsopano ndikamulola kuti awatchule m'zilankhulo zonse zitatu. Choncho musamutsekere m'nyumba chifukwa choti akuphunzirira pakhomo. Masana kukafunda, chifuwa chikalola, apite kwa anzake.

Tsono mugule chiyani?

Gulani makope anayi, la masamu likhale la timabokosi, mapensulo, labala, lula, makrayoni ndi bokosi la choko. Uzani kalipentala akudulireni thabwa losalala ndipo mulipake penti yakuda ya bolodi, osati yonyezimira, chifukwa choko chimaterereka pa penti wamba. Makatoni akale muwadule timakadi tolembapo malembo ndi maphatikizo, monga ba, be, bi, bo, bu, ndipo zitsekerero za mabotolo, nyemba ndi machesi zikhale m'chitini chawochawo. Popeza choko chili ndi fumbi limene lingadzutse mphumu, muziphunzirira pakhonde ndi kufufuta bolodi ndi kansalu konyowa. Kanyale ka sola nkothandiza madzulo magetsi akazima. Mabuku a nthano musagule ambiri. Kalembetseni ku laibulale ya National Library Service m'tauni muno, muzibwereka ndi kusintha.

Musanagule chilichonse mwa izi, pitani kaye kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mwana analembetsa, mutenge ndi buku lake la kuchipatala. Pemphani kuti dzina lake lisachotsedwe m'kaundula, akubwerekeni mabuku a kalasi yake, ndipo azimulola kudzalemba mayeso a kumapeto kwa teremu. Ngati pakufunika chilolezo china, adzakutumizani kwa PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa zoni yanu. Mukakambirana nawo mundilemberenso, kuti tikonze limodzi ndondomeko ya maola awiri a m'mawa uliwonse.