Timu ya NBA ikachotsa wosewera, malipiro ake amathera pomwepo?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinamva kuti Milwaukee Bucks inachotsa Damian Lillard. Kodi ndiye kuti ndalama zimene ankalandira zinamasuka, timu ikhoza kusainira nazo wina?"

Zikomo achimwene. Ndalamazo sizimasuka ayi. Ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, makontirakiti ambiri amakhala otsimikizika. Timu ikasaina, iyenera kulipira mpaka senti yomaliza, kaya munthuyo akusewera, wavulala kapena wauzidwa kuti alongedze. Ndalamazo zimawerengedwabe pa salary cap, mlingo uja umene ligi imaika wa ndalama zolipira osewera pa sizoni. Pa sizoni ya 2025-26 mlingowu unaikidwa pa madola 154.6 miliyoni.

Wosewera akachotsedwa, dzina lake limakhala pa waivers, mndandanda wa osewera ochotsedwa, kwa maola 48. Timu ina ikamutenga m'maola amenewa, imasenza kontirakiti yonse ndipo timu yakale imapuma. Koma ndani akanamutenga Lillard? Anali atangoduka mtsempha wa kuchidendene mu Epulo 2025, ndipo Bucks inali ikadali ndi madola pafupifupi 113 miliyoni oti imulipire pa zaka ziwiri. Palibe anayerekeza. Zikatere wosewera amakhala mfulu kupita kumene akufuna, koma katundu amatsala pamutu pa timu yakale.

Apa m'pamene pamabwera lamulo la stretch, lomwe linalowa mu 2011. Timu imaloledwa kumwaza ndalama zotsalazo pa zaka zambiri: mutenge zaka zotsala pa kontirakiti, muchulukitse kawiri, muwonjezere chimodzi. Za Lillard zinali ziwiri, ndiye zinakhala zisanu. M'malo moti madola opitirira 50 miliyoni aziwerengedwa chaka chilichonse, akuwerengedwa pafupifupi 22.5 miliyoni, mpaka sizoni ya 2029-30. Mpata umene unapezekawo ndi umene Bucks inasainira Myles Turner kuchokera ku Indiana Pacers. Zili ngati munthu amene wapempha kuti ngongole aziibweza pang'onopang'ono: mwezi uno apumako, koma ngongoleyo sinachepe.

Ligi inaikanso malire. Ndalama zomwazidwa motere zisapitirire 15 peresenti ya salary cap. Mukawerengera, 22.5 pa 154.6 yatsala pang'ono kufika pamenepo. Phoenix Suns inakumana ndi malire omwewa chaka chomwecho pochotsa Bradley Beal, moti Beal anachita kusiya madola pafupifupi 14 miliyoni kuti masamu atheke. Kugwirizana kotereku ndi kumene amati buyout, ndipo zimene wosewera wasiya zimachokadi pa mlingo wa timu.

Pali njira zina zing'onozing'ono. Wochotsedwayo akasaina kwina, timu yakale imatha kuchotserako pang'ono pa ngongole yake, ngakhale pa buyout nthawi zambiri matimu amavomera kusiya ufulu umenewu. Kontirakiti ikakhala yosatsimikizika, timu imangolipira masiku amene munthuyo wakhala nayo, bola imuchotse ndipo maola 48 aja athe pasanafike pa 10 Januwale, tsiku limene makontirakiti onse amatsimikizika.

Maganizo anga ndi akuti stretch ndi lamulo loopsa, ndipo limandidetsa nkhawa timu ikalithamangira. Taonani Luol Deng, uja anabadwira kudera limene lero ndi South Sudan n'kukulira ku London. Los Angeles Lakers inamupatsa madola 72 miliyoni a zaka zinayi mu 2016, n'kumuchotsa mu Seputembala 2018. Dzina lake linakhalabe m'mabuku a Lakers, madola 5 miliyoni chaka chilichonse kuyambira 2019 mpaka 2022. Iye anali atasiya kale kusewera mu 2019. Lakers inatenga chikho mu 2020 ikumuwerengerabe.

Ya Milwaukee ndiye yaposa pamenepo kanayi. Ndikumvetsa chimene anachitira. Anali ndi katswiri wawo Giannis Antetokounmpo ali pachimake, ndipo sakanafuna kutaya sizoni yathunthu akudikira mwendo wa Lillard. Koma madola 22.5 miliyoni ndi malipiro a wosewera wabwino woyamba masewero, ndipo kwa zaka zisanu ndalama imeneyi siponya mpira m'dengu ngakhale kamodzi. Sangaigulitsenso ku timu ina monga amachitira ndi wosewera. Lillard anabwerera ku Portland Trail Blazers pa kontirakiti yatsopano ya zaka zitatu, ndipo akulandira mbali zonse ziwiri.