Robert Plant ndi Alison Krauss: kuyimba nyimbo za eni ndi ulesi?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo atamvetsera chimbale cha Raise the Roof cha Robert Plant ndi Alison Krauss. Akuti chinamukomera mpaka atamva kuti nyimbo zake ndi za anthu ena. Funso lake nali: "Anthu atidikiritsa zaka 14, kenako n'kutibweretsera nyimbo zobwereka? Umenewu si ulesi, mwinanso kuba kumene?"

Mayi, zakubazo tithane nazo msanga. Mayina a amene analemba nyimbozo ali pachimbalepo, ndipo malamulo amafuna kuti eni nyimbo alandire gawo lawo la ndalama. Komatu funso lanu silinaphonye munthu. Gulu lakale la Plant, Led Zeppelin, linasumiridwapo mu 1985 ndi katswiri wa blues Willie Dixon chifukwa cha mawu a nyimbo ya Whole Lotta Love, ndipo nkhaniyo anakaithetsera kunja kwa khoti. Ndiye bamboyu kusiyana kwa kubwereka ndi kutola akukudziwa bwino.

Pa zaulesi m'pamene sindikugwirizana nanu.

Awiriwa sanayenere n'komwe kukumana. Plant ndi Mngelezi wobadwa mu 1948, amene anatchuka ndi kukuwa pamwamba pa magitala amagetsi. Krauss ndi wa ku Illinois ku America, wobadwa mu 1971, woyimba vayolini amene anakulira mu bluegrass, chamba chimene mawu a oyimba amayenera kulukana popanda wina kupotoka. Anayimbira limodzi koyamba mu 2004 ku Cleveland, pamwambo wokumbukira Lead Belly, woyimba wakale wa ku America. Mu 2007 anatulutsa Raising Sand, chimbale chimene anawakonzera T Bone Burnett, ndipo mu 2009 chinakolola mphoto zisanu za Grammy usiku umodzi, kuphatikizapo ya chimbale chopambana m'chakacho. Nachonso chinali cha nyimbo zakale zobwerezedwa.

Anthu aulesi akanathamangira chachiwiri ndalama zikadali zotentha. Anayesadi kulowa mu situdiyo mu 2009, zinthu sizinagwirane, n'kuzisiya. Plant anapita kukapanga chimbale cha Band of Joy mu 2010, Krauss anabwerera ku gulu lake la Union Station n'kutulutsa Paper Airplane mu 2011. Anadzakumananso ku Nashville kumapeto kwa 2019, Burnett yemwe uja ali pampando, ndipo chimbale chinatuluka pa 19 Novembala 2021. Ine ndimawalemekeza chifukwa cha nyimbo za 2009 zimene anakana kutigulitsa.

Tsono taonani zimene anasankha, chifukwa ntchito yagona pamenepo. Muli Can't Let Go ya Randy Weeks imene anaitchukitsa Lucinda Williams, The Price of Love ya Everly Brothers, ndi Going Where the Lonely Go ya Merle Haggard. Izi okonda nyimbo za ku America amazidziwa. Koma mulinso Go Your Way ya Anne Briggs ndi It Don't Bother Me ya Bert Jansch, zochokera kwawo kwa Plant ku Britain, zomwe pa chimbale choyamba kunalibe zotere. Ndipo imene imandigwira mtima ndi Last Kind Words Blues, yomwe Geeshie Wiley, mayi wachikuda wa ku America, anaijambula mu 1930 ku kampani ya Paramount. Mayiyu anasiya nyimbo zowerengeka chabe, n'kuzimirira. Patapita zaka zoposa 90, dzina lake lili pa chimbale chogulitsidwa dziko lonse. Ameneyu mungati waberedwa?

Sanangozikopera momwe zinalili. The Price of Love ya eni ake inali yothamanga, yovinika. Apa aichedwetsa mpaka yasanduka dandaulo, Krauss akutsogolera, Plant akuvomera chapansipansi. Mwaimva bwino imeneyo? Munthu amene kwa zaka zambiri anali tambala wa pabwalo, lero akulolera kukhala kumbuyo kwa mnzake n'kumasunga mzere wake. Kwa woyimba wozolowera kusintha kayimbidwe usiku uliwonse, zimenezo ndi sukulu yovuta. Ng'oma za Jay Bellerose ndi magitala a anthu ngati Marc Ribot ndi Bill Frisell zikungoyenda mwakachetechete kuti mawu awiriwo amveke.

Komanso si zonse 12 zobwereka. High and Lonesome analemba Plant ndi Burnett. Kunena zoona ndi nyimbo yabwino, koma si imene ndimaibwereza.

Pamene ndingakuvomereni, mayi, ndi apa: chachiwirichi sichidzidzimutsa ngati choyamba. Mu 2007 palibe ankayembekezera kuti mawu awiriwa angagwirizane, pomwe mu 2021 tonse tinkadziwa kale zimene tikupita kukamva. Ngati muli ndi bandulo yokwanira, sakani Last Kind Words Blues ya Geeshie Wiley pa YouTube, muimvetsere ndi kukhwekhwereza kwake konse, kenako muike ya awiriwa, mundilemberenso.