Mutu ukapendekeka, yambani ndi chigaza

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake nkhope zimene mumajambula zimaoneka bwino zikayang'ana kutsogolo, koma munthu akangowerama kapena kucheuka zonse zimasokonekera. Vuto n'lakuti mukuyambira maso ndi mphuno musanamange chigaza.

Yambani ndi mpira, monga ankaphunzitsira Andrew Loomis, katswiri wojambula zithunzi wa ku America. Sengani pang'ono mbali ziwiri za mpirawo, pomwe pamakhala makutu. Kenako lembani mzere wozungulira wa nsidze, ndi wina wotsika pakati pa nkhope. Kuchokera poyambira tsitsi kufika pa nsidze, pa nsidze kufika pansi pa mphuno, pansi pa mphuno kufika kuchibwano, zigawo zitatuzi zimakhala pafupifupi zofanana. Khutu limakhala pakati pa mzere wa nsidze ndi wa mphuno.

Tengani lalanje, mulilembe mizereyi ndi bolopeni, muzilipendeketsa uku mukujambula. Muona kuti munthu akawerama makutu amakwera kuposa maso, chibwano n'kufupika. Akayang'ana kumwamba makutu amatsika, mabowo a mphuno n'kuonekera. Akacheuka, diso lakutali limachepa m'lifupi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa poliyeza ndi linzake.

Patulani mphindi 20 tsiku lililonse, muzidzaza pepala ndi timitu ting'onoting'ono. Za tsitsi ndi mthunzi zisiyeni kaye.