Amalume, zinyumba zofiira zija si ndende

Eee amalume, ndamva funso lanu lija, mukuti zinyumba zazitali za njerwa zofiira pa zithunzi zomwe ndinaponya mu gulupu ndi ndende kapena chani. Ayi, amenewo anali mafakitale a nsalu. Tauni ya Lowell inoyi, ku Massachusetts kuno ku America, anachita kuimanga dala m'ma 1820 chifukwa cha nsalu basi, pa mtsinje wa Merrimack pomwe pali mathithi a Pawtucket, anakumba ngalande zikuluzikulu kudutsa m'tauni monse kuti madzi azizunguza makina, paja magetsi kunalibe. Oyamba kugwiramo ntchito anali atsikana ochokera kumidzi, kumagona m'nyumba za kampani, ntchito maola oposa 12 pa tsiku, ndipo thonje lake limachokera kumwera kwa America, lolimidwa ndi akapolo.

Ndiye kuyambira m'ma 1920 makampani anayamba kuthawira kumwera komwe antchito anali otchipa, pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mafakitale akuluakulu ngati Boott ndi Merrimack anali atatseka, anthu ntchito kulibe, mashopu zii. Ya Merrimack anaigwetsa ndithu, ndi dera lina lotchedwa Little Canada nalo anaphwasula, anthu akale kuno mpaka pano zimawawawa.

Chimene chinapulumutsa tauniyi n'choti anthu ena anakana, amvekere musagwetsenso zotsalazi, mbiri yathu ndi imeneyi. Paul Tsongas, mwana wa konkuno yemwe anali ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, analimbikira mpaka mu 1978 boma linakhazikitsa Lowell National Historical Park, malo osungira mbiri ya mafakitalewa. Ku Boott panopa kuli myuziyamu, mukalowa m'chipinda choombera nsalu amayatsa makina akale aja, phokoso lake amalume, pansi kuchita kunjenjemera, mnzako ali pompa koma osamvana, ndiye muganize mtsikana tsiku lonse ali m'menemo.

Koma ine ndimati myuziyamu payokha sikanadzutsa tauni. Ngakhale kampani ya makompyuta ya Wang, yomwe inalemba anthu ambirimbiri m'ma 1980, inadzagwa mu 1992. Chomwe chinagwira ndi anthu kubwera kudzakhalamo. Mafakitale aja anawasandutsa mafulati, ma ofesi, malo a anthu ojambula, yunivesite ya UMass Lowell inakula, komanso anthu a ku Cambodia othawa nkhondo anafika m'ma 1980 n'kutsegula magolosale ndi malesitilanti awo, moti kupatula Long Beach ku California, kuno ndi komwe achuluka kwambiri mu America muno. Mwezi wa Julaye kumakhala chikondwerero cha nyimbo ndi zachikhalidwe chotchedwa Lowell Folk Festival, cholowa ulele, misewu kudzaza thothotho.

Chikundidandaulitsa ndi lendi. Mafulati a m'mafakitalewo ndi okongola, mawindo akuluakulu, madzi akudutsa pansi, koma mtengo ukungokwera, ndiye mabanja omwe anapirira tauni ili bwinja ndi amene akuvutika kulipira tsopano, zimenezo sizikundisangalatsa ayi. Muwapatse moni azakhali, mawa nditumiza kavidiyo ka makina aja mumve nokha.